Malaya a Kubwalo la Ndege

Uthenga unalowa pafoni Iris ali pamakina, akusoka masiki zogulitsa.

Mwamuna wake Albert anauwerenga mokweza. Boma lathandiza kampani ya ndege. Onyamula katundu onse abwerere kuntchito mawa m'mawa atavala yunifolomu. Wopanda yunifolomu asayandikire n'komwe pageti.

"Amake Ratidzo, tapulumuka! Miyezi isanu ndi iwiri ndili pakhomo! Tulutsani malaya aja muwasite."

Phazi la Iris linaima pachopondera.

"Mwamva kodi?"

"Munanena nokha kuti ndege sizidzaulukanso," Iris anayankha, maso ali pasingano. "Munati korona watha zonse."

Albert anakoka sutikesi pansi pa bedi n'kuitsegula. Munali makolala atatu ndi mabatani m'kachitini.

"Malaya anga ali kuti?"

"Nsalu yake inali yolimba, anthu ankaikonda. Mumaganiza kuti ufa umene mwakhala mukudya ukuchokera kuti?"

Albert anangokhala pansi, kolala ili m'manja.

"Odi kuno!"

Anali mayi Olinda, oyandikana nawo muno mu Dzivarasekwa, atasuzumira pakhomo.

"Ndamva pawailesi! Makorokoto, takondwera nanu, bambo a Ratidzo, mwabwerera kuntchito!"

Anali atavala masiki yabuluu. Pakati pake panali kaphiko kopeta, chizindikiro cha kampani ya ndege, kamene kanakhala pachifuwa cha Albert zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mayiyo akamapuma, kaphikoko kankalowa n'kutuluka.