Pemphero Lalitali la Chule Pachulu

Padangokhala, inu muziti tili tonse, Chule ndi Gulo, onse akulu a mpingo wa pansi pa mkuyu. Mvula itachedwa, awiriwa anayamba kukangana kuti ndani akudikira ngumbi ndi mtima wonse.

"Wachikhulupiriro ndine," anatero Chule. "Inu a Gulo, pemphero lanu limatha ena asanagwade n'komwe."

Loweruka mvula inagwa. Lamulungu mpingo unasonkhana pachulu kuti awiriwo apikisane.

Anayamba Gulo: "Atate, tili ndi njala, tikudikira. Ameni." Basi, maso n'kukhala pa una wa chulu.

Chule anaseka, anatsinzina zolimba, khosi n'kufufuma. "Inu Mulungu wa Abrahamu! Mtima wanga ukulakalaka ngumbi monga nthaka youma ilakalaka madzi! Tumizani, Atate, tumizani!"

Pemphero lili mkati, ngumbi zinayamba kutuluka. Imodzi inatera pamphuno pa Chule. Iye anaikutumula osatsegula maso: "Choka, Satana!" Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatunso. Gulo ankangomeza, akugwedeza mutu, n'kumaponyamo "Aleluya" kuti mnzakeyo apitirize.

Chule pofika pa ameni wake, dzuwa linali litapendeka. Pansi panali mapiko okhaokha mbwee.

"Abale, kodi yankho silinabwere?"

"Linabwera, akulu," anatero Gulo akupukuta pakamwa. "Munalithamangitsa katatu."

Mpaka lero mvula ikagwa Chule amapemphera maso ali tong'o, ndipo Gulo akadagwedezabe mutu. Yanga ndaitula pomwepa.