Beseni la Pakhonde

Namaluwa anali kukolopa pabalaza pamene aneba ake anaodira pakhomo, mbale ili m'manja.

"Ndabweza mbale, anzanga. Koma mbatata ija ndiye yokoma! Tating'onoting'ono, koma ufa wokhawokha."

"Mbatata iti?"

"Yomwe aphika apongozi anu inu muli ku mapemphero a m'mawa. Ndinawaona akulowa ndi beseni lija la pakhonde. Mwana wanu wadya mpaka kunyambita zala asanapite kusukulu."

Chikolopa chinamupulumuka m'manja. Anathamangira pakhonde. Pamene panali beseni panatsala dothi lochepa chabe.

Dzina lakuti Namaluwa anamupatsa anthu a mumsewu wawo chifukwa cha dimba lake. Kuseri kwa nyumba sankatchetcha udzu. Anaunjika zikuni zowola kuti abuluzi ndi achule apeze pokhala, ndipo pamwala ankaikapo mbale ya madzi kuti mbalame zizimwa. Pakati pa zonsezo ankadzala maluwa akutchire oyanga, ofiira ngati moto, osafuna kuthirira kapena feteleza. M'chilimwe amauma n'kuoneka ngati afa, koma mvula ikagwa amaphukanso, agulugufe n'kudzaza dimba lonse.

Moyo wa maluwawo uli pansi, m'mizu yonenepa yofanana ndi timbatata. Dzulo lake anaikumba mizuyo kuti aigawe n'kuidzala motalikirana mvula isanabwere. Dzuwa litalowa anaisiya m'beseni pakhonde, nati aimaliza mawa.

Mayi amene anamupatsa mbewuyo anamuchenjeza atamugwira dzanja. Kachidutswa kochepa kakhoza kupha mwana. Poyamba munthu samva kanthu, amaseka n'kumasewera. Pakapita nthawi kukhosi kumayamba kuotcha, kenako kusanza kosalekeza.

Kukhitchini Namaluwa anapeza beseni lija pambali pa sinki, makoko ali momwemo. Poto anali pachitofu, mopanda kanthu.

"Amayi!" anaitana. Anatsegula chipinda cha apongozi ake. Bedi linali loyalidwa bwino, eni ake kulibe.

"Kodi kwagwanji?" anafunsa aneba aja atamutsatira.

"Si mbatata ija. Ndi mizu ya maluwa. Ndi poizoni."

Aneba anakhala pansi pomwepo, atagwira pamimba. "Mayo ine! Ndiye ndinapempha kuti andiwonjezere! Ndayamba kale kumva kutentha. Anzanga, inu ndi tchire lanulo mwandipha!"

Namaluwa anaimba foni kusukulu. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso mofulumira moti anaphonya nambala. M'maso mwake ankaona mwana wake atakhala padesiki, nsapato imodzi yosamanga monga mwa masiku onse, akukweza mkono kuti auze aphunzitsi kuti m'mimba mukupweteka, aphunzitsi n'kumuuza kuti adikire belu.

"Ambuye, mwana yekhayo ayi," ananong'ona. "Ndasiya beseni ndine. Mwana yekhayo ayi."

Anakumbukira kuti kuchipatala akafunsa chimene mwana wadya. Pafupi ndi mpanda, kumapeto kwa dimba, anasiyako phata limodzi osalikumba. Anatola khasu kuseri kwa chitseko, foni ili kukhutu, tsopano akuimbira mwamuna wake kuntchito.

"Bambo a mwana, siyani zonse, thamangirani kusukulu. Mutengereni mwana kuchipatala pompano."

"Wavulala?"

"Wadya poizoni. Mayi anu aphika mizu ya maluwa anga."

"Iwe, amayi angachite bwanji zimenezo? Unawafunsa?"

Funso limenelo linamuputa. Chibwerereni apongozi m'nyumbamo atadwala mawondo, sanayamikirepo dimbalo ngakhale tsiku limodzi. Alendo akabwera ankawaseketsa kuti, "Anzathu amalima ndiwo, ife kuno timalima njoka." Namaluwa ankangomwetulira, n'kukalirira kubafa. Lero mantha anamutsegula pakamwa.

"Ndiwafunse ali kuti? Aphika, agawira msewu wonse, atuluka!" Ankayankhula mokuwa, akukankha udzu wautali ndi khasu. "Chilichonse changa amagwira osafunsa. Maso sakuona, koma kukhitchini sachokako. Ndinakuuzani kuti akakhale kwa alongo anu, inu munakana. Mwanayu akafa, mudziwe kuti amupha ndi mayi anu!"

Mbalame zinauluka pambale ya madzi. Namaluwa anazungulira mulu wa zikuni uja, n'kuima chilili.

Apongozi anali atagwada m'mbali mwa mpanda pa thumba lopinda, ndodo yawo yoyendera ili pambali. Kutsogolo kwawo kunali mzere wa timaenje tokwiriridwa bwino, kalikonse kali ndi kamtengo koti duwa lidzayangepo. M'manja anali ndi muzu womaliza. Sanatembenuke msanga. Anauika m'dzenje, maso a muzuwo ataloza kumwamba, n'kukwirira pang'onopang'ono.

"Mizu iyi ndinaichotsa pakhonde mwana asanadzuke," anatero motsitsa mawu. "Ndimaidziwa, kwathu inali yambiri. Ndinati ndikuchepetsere ntchito. Beseni ndinalikwecha ndi sopo. Mbatata yadyedwayo ndinagula dzulo pageti."

Pafoni mwamuna wake anali akuitanabe, "Halo? Halo?" Namaluwa anaika khasu pansi, nagwada m'dothi lomwelo.

"Amayi, mwamva zonse zimene ndanena. Chonde, ndikhululukireni."