Nyimbo ya Paukwati wa Solvej

Mbale za nkhumba yootcha zitachotsedwa, woyendetsa mwambo anagogoda tambula ndi supuni n'kulengeza kuti yafika nthawi ya nyimbo ya bambo a mkwatibwi. Kadengu kanazungulira matebulo a holo ya m'mudzimo, aliyense akutolamo pepala lokulungidwa n'kumangidwa ndi kachingwe kokongola. Troels, mchimwene wa mkwatibwi, anatenga lake n'kuliika pambali pa foloko osalitsegula.

M'banja mwawo ntchito imeneyi inali ya amayi ake, a Bodil. Kaya ndi ubatizo, ukwati kapena tsiku lobadwa, iwo ankatenga chuni chimene aliyense m'chigawo chawo cha Jutland amachidziwa n'kuchiveka mawu onena za mwini phwando. Anthu ankaimba, kuseka, kenako kufunafuna mipango. A Bodil anamwalira chisanu chisanathe.

Troels anasiya yunivesite ku Aarhus kuti adzawadwazike, ndipo maliro atatha sanabwererenso. Anzake anali atatsiriza maphunziro. Iye ankasanja katundu m'mashelefu a sitolo ya m'mudzi, ndipo akafunsidwa kuti abwerera liti ankangoti posachedwa. Chimene chinkamudzutsa m'mawa chinali nyimbo yomaliza imene amayi anamupekera pa tsiku lake lobadwa. Nthawi imeneyo amayiwo anali atagonekeratu, manja akunjenjemera moti ngakhale kapu ankachita kuwagwirira. Masana ake anamutuma kukagula keke. Pobwerako anapeza nyimbo yatha kale, bambo atakhala m'mphepete mwa bedi, kakompyuta kam'manja kotchedwa tabuleti kali pamiyendo pawo. Anaiimba atatu okha, mawu a amayi akuthera panjira. Mzere umodzi unamulowa mpaka m'mafupa: wabwerera kwanu, mwanawe, kubwerera si kugonja. Sabata ya maliro anakaudinditsa pamkono wamanzere ndi inki yosafufutika.

Tsono lero nyimbo inali ya a Preben, bambo okonza mathirakitala amene pakhadi la Khirisimasi ankalemba dzina lokha basi. Azakhali a Gurli, amene anakhala pafupi ndi Troels, anatsegula pepala lawo, n'kuwerenga ndime zake, n'kumugunda ndi chigongono. Anamunong'oneza kuti mchimwene wawoyo wasanduka mlakatuli atakalamba, ndipo ngati si makina a m'foni aja olemba okha mawu ndiye iwo ndi mfumukazi ya dziko lino. Tebulo lonse linaseka. Wina anati palibe chachilendo, anzake a mkwati nawonso yawo aipanga choncho m'galimoto pobwera.

Troels sanaseke, koma sanakwiyenso. Bambo akanatani? Mkazi wawo kulibe, mwana wawo akukwatiwa, mwambo ukufuna nyimbo. Anatsegula pepala lija n'kuyamba kuimba nawo, mawu ali pansi. Ndime yoyamba inkanena za mkwatibwi Solvej ali mwana, akuopa atsekwe. Yachiwiri inkanena za zaka zake ku Copenhagen, ndi mmene anasiyira zonse n'kudzakhala ndi mwana wa mlimi. Kenako holo yonse, anthu okhuta ndi osangalala, inakweza mawu pamodzi:

"Wabwerera kwanu, mwanawe, kubwerera si kugonja."

Solvej anagwira pakamwa, misozi ikutsika. Anthu anaomba m'manja nyimbo isanathe. Troels anamva mkono wake wamanzere ukutentha mkati mwa malaya.

Zonse zinamuonekera poyera. Bambo anatenga nyimbo yake, chinthu chokhacho chimene amayi anasiyira iye yekha, n'kuidyetsa makina kuti atafune, alavule ina. Mawu amene mayi wodwala anawasankha ndi mphamvu zake zomaliza tsopano anali pamapepala ambirimbiri, ena atathimbirira kale ndi msuzi. Mawa aseseredwa pamodzi ndi maluwa ofota.

Anadikira kuti matambula akwezedwe, anthu afuule, mpando uliwonse ukokedwe. A Preben atatuluka kupita pakhonde lopachikapo majekete kukapuma, Troels anawatsatira. Anawapeza akupukuta thukuta m'khosi, nkhope ikuwala ngati mwana wakhoza mayeso. Bambowo anamufunsa ngati waona mmene mlongo wake analirira.

"Bambo, nyimbo ija inali yanga."

A Preben anamuyang'ana osamvetsa.

"Amayi anandilembera ine. Inu mwaitenga n'kuiponya m'makina ngati udzu wa ng'ombe. Mukanandifunsa kaye."

Anakwinya dzanja la malaya mpaka m'chigongono n'kuwaonetsa mzere uja. Anawauza kuti akanalola china chilichonse, mipando ya amayi, mabuku awo, ngakhale mphete, koma osati chimenechi. Anawauza kuti patsiku limene anthu onse ankamuona ngati wolephera, munthu m'modzi yekha anakhala pansi n'kuganiza za iye mpaka kupeza mawu oyenera.

M'holo munamveka piyano, ogwira ntchito akukokera matebulo kukhoma kuti anthu avine. A Preben anayang'ana mkonowo kwa nthawi. Kuwala kuja kunachoka pankhope pawo, koma sikuti anaoneka ngati munthu wogwidwa. Anaoneka ngati munthu amene wangozindikira kuti mnzake sakudziwa chimene aliyense m'nyumba ankadziwa. Anagwira mwana wawoyo paphewa, mofatsa, monga ankagwirira mkazi wawo pomutembenuza pabedi.

"Iwe, nyimbo yako sindinaikhudze, sindikudziwa n'komwe kumene umaisunga. Ndangochita mmene anandiphunzitsira amayi ako: ulembe m'makinamo dzina, zinthu ziwiri zitatu za munthuyo, kenako udine. Yako ijanso tinaipanga choncho, iwo akunena, ine ndikudina, iwe usanafike n'kusitolo komwe."