Parachuti ya Malemu Bambo Ake

Panali munthu wina dzina lake Dewald Kritzinger. Anafika pa bwalo lathu la ndege la olumpha ndi parachuti ku Free State, ku South Africa, Loweruka lina m'mawa, atakolekera chikwama chakale cha parachuti. Anapempha chinthu chimodzi chokha: siginecha ya a Faan.

A Faan ndiwo amapinda parachuti yachiwiri, ija yopulumukira yoyamba ikakanika. Popanda dzina lawo pa kakhadi ka m'chikwama, munthu sakwera ndege.

"Madala, iyi inali ya bambo anga," anatero Dewald. "Analumpha nayo zaka makumi awiri osathyoka ngakhale chala. Mawa akwanitsa chaka chimwalirire. Ndikufuna ndilumphe nayo."

A Faan anaitambasula. Inali ya makedzana, yozungulira ngati ambulera.

"Mtundu uwu ndimaudziwa. Unapulumutsa anthu ambiri, ine ndemwe unanditula pansi wamoyo."

"Ndiye sainani basi!"

A Faan anatsina nsalu ndi zala nakoka pang'ono. Inang'ambika ngati pepala lonyowa.

"Mbiri yake ikadali yabwino, mwana wanga, koma nsalu yatha."

"Mwang'amba dala kuti mundigulitse yatsopano! Ukalamba wakupatsani mantha, eti?"

"Tenga yanga, ulumphe nayo ulere."

Dewald anakana, nalongedza katundu wake. Kunali chisanu cha Juni, ndipo a Faan ataona kuti zala za mnzawoyo zikunjenjemera, anavula magolovesi awo nawaponya m'galimoto mwake.

Masana omwewo Dewald anapita ku bwalo lina. Kumeneko anapeza wopinda maparachuti wina amene sankamudziwa n'komwe.

"Aaa, kakang'ono aka? Zakale ndiye zolimba, achimwene, osati za masiku ano zija," anatero munthuyo ataona pong'ambika paja.

Anasoka chigamba pong'ambika paja, anapinda, anasaina. Nsalu yotsalayo sanaiyese.

Lamlungu Dewald analumpha. Mkazi wake Marlize anali pansi ndi fulasiki ya khofi ndi makapu awiri. Zingwe za parachuti yoyamba zinapiringizana. Dewald anachita zonse monga anaphunzitsidwira: anaitaya, natsegula yachiwiri, ija ya bambo ake. Inatseguka bwinobwino, anthu n'kuyamba kuwomba m'manja. Kenako inang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi.

A Faan anamva za imfa ya Dewald. Ankangoti, "Ndikanabisa chikwamacho."

Patapita milungu iwiri, Marlize anabwera pa bwalo lathu. Sanalonjere aliyense. Analowa m'chipinda chopindira, naika magolovesi aja patebulo la a Faan, atawachapa ndi kusoka chala chimodzi chimene chinali chobooka kale.

"Anati akubwezerani Lolemba," anatero chapansipansi, natuluka.

Phunziro: Chinthu chimene chinasunga bambo ako sichinalonjeze kusunganso iwe, pakuti mbiri sikalamba koma nsalu imakalamba. Wokukaniza chifukwa chokukonda aposa wokuvomereza mosakuyang'ana. Tumizani nkhaniyi kwa mnzanu amene amati akakanizidwa apa, amakafunsa pena.