Mkamwini amene ankadikira belu

Panali munthu wina kwa Kalembo, dzina lake Swaibu. Anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni mu 1975, boma litaletsa anthu kupitanso kumeneko. Amene anandiuza nkhaniyi ankamudziwa, ndipo akuti ndi yoona.

Swaibu anali mkamwini. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake Sakina. Munda unali wa kuchikazi, ana awo awiri nawonso anali a kuchikazi, monga mwambo unenera.

Sanali munthu waulesi. Zaka zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito pansi pa nthaka osajomba. Koma kumeneko belu ndilo linkamudzutsa, kapitawo n'kumuuza pogwira, belu lina n'kumuweruketsa. Kumudzi kunalibe womuuza poyambira. Ankadzuka n'kukhala pakhonde, tsiku n'kumutalikira. Kenako anayamba kupalasa njinga kupita pa Ulongwe m'mawa uliwonse, kukasewera bawo ndi kufunsa otsika basi ngati ku Joni kwatseguka.

"Che Swaibu, anzanu ayamba kusosa," anatero Sakina tsiku lina.

"Ndiyamba. Mtima sunafune. Khasu ndikangoliona, thupi limalemera."

"Nanga wangawu umafuna? Mukuyesa ndimapita kumunda ndikuvina?"

"Iwe unazolowera. Ine ndinazolowera belu."

"Adhana ya kumzikiti simuimva? Kapena ndipachike chitsulo pamtengopo ndizikuimbirani?"

Chaka chimenecho Sakina analima yekha, mwana ali kumbuyo. Chimanga chinatha mu Okutobala, iye n'kuyamba kuyenda m'maganyu. Amayi anzake akamamufunsa kuchitsime kuti amuna ake amachitanji, ankayankha kuti mgodi unawapweteka pachifuwa. Anazinena kambirimbiri mpaka mwini wake anayamba kuzikhulupirira.

A Chande, mjomba wake wa Sakina, amene anali mwini mbumba, anaitana Swaibu.

"Akamwini, ife sitikukukanani. Kunyong'onyeka tikukudziwa, aliyense kumamugwira. Mawa mulime mzere umodzi. Umodzi wokha, mubwerere."

"Mzere umodzi ndi ntchito, a mjomba? Tsiku limene ndidzayambe, mudzaona."

"Tsiku lake liti?"

"Mtima ukafuna."

Ankhoswe anakhala pansi kawiri. Kachiwiriko anagamula kuti mvula ikagwa Swaibu asanagwire khasu, ukwati watha. Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, Swaibu ali pa bawo. Komabe Sakina anapempha mjomba wake kuti adikire pang'ono. Anati munthu wodwala sathamangitsidwa.

Patatha sabata ziwiri, tcheni cha njinga chinaduka. Ulongwe unali kutali kuyenda pansi, choncho Swaibu anakhala pakhomo. Anatsegula wailesi, anaitseka. Anagona, tulo osabwera. Dzuwa litafika paliwombo anatola khasu, kungoti m'manja mukhale kanthu, n'kupita mbali ya munda imene Sakina analephera kufika. Mzere woyamba unakhota. Anapanga wachiwiri kuti awongole woyambawo. Podzutsa mutu, dzuwa linali litapendeka.

M'mawa mwake anadzuka yekha. M'masiku anayi anamaliza mbali yonseyo n'kubzala. Anthu ankaima m'njira kumuyang'ana. Tsiku lachinayi anafika kunyumba akuseka, akuonetsa matuza m'manja.

"Waona, amake Zaina? Ndinati mudzaona."

Sakina anayang'ana manjawo.

"Masiku anayi," anatero. "Pamene ine pananditengera miyezi iwiri, osamaliza. Chifuwa chija chili kuti?"

"Chifuwa chiti? Ine sindinadwalepo."

"Ndiye kuti nthawi yonseyi munkatha."

"Mtima ndi umene..."

"Iyayi, musanenenso za mtima. Mukanakhala odwala ndikanakusungani mpaka imfa. Ine ndalima m'minda ya anthu kuti ndipatsidwe madeya, ndikunamiza mudzi wonse chifukwa cha inu. Lero onse aona."

M'mawa mwake Sakina anapita yekha kwa a Chande kukawauza kuti asadikirenso. Swaibu anapepesa, analumbira, anatuma ankhoswe ake. Sizinathandize. Anabwerera kwawo ku Kasupe akukankha njinga yopanda tcheni, ana n'kutsala. Chimanga chimene anabzala chinabereka bwino, koma sanalaweko ngakhale chisononkho.

Akuti ku Kasupeko anakhala mlimi wakhama mpaka ukalamba. Ana ake anakula akuitana mwamuna wina kuti baba.

Anthu amagawanika akamva nkhaniyi. Ena amati Sakina anauma mtima, chifukwa anathamangitsa munthu pa sabata yomwe anasintha. Sindikuwatsutsa kwenikweni. Munthu amene wazolowera kuuzidwa chochita amasowadi pogwira akamasulidwa, ndipo kulemera kwa thupi kumene Swaibu ankanena sikunali kunama. Palibenso amene anamufunsa zimene anaona pansi pa nthaka paja. Koma Sakina naye thupi linkamulemera, ndipo palibe tsiku limene anapatsidwa mwayi wodikira kuti mtima ufune. Ana ankadya chifukwa iye ankapita osafuna.

Phunziro: Chilakolako cha ntchito sichibwera uli pakhonde, chimakupeza utayamba kale. Ngati pali chimene mwakhala mukunena kuti mudzachita mtima ukafuna, chitani kachidutswa kake lero, ngakhale mokhota. Dziwaninso kuti pamene inu mukudikira, pali wina amene akusenza gawo lanu, ndipo sadzakuuzani tsiku limene adzatope. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene amangoti ayamba mawa.