Nsonga ya Chitenje cha Ezelina

A Wyson, alangizi a zaumoyo ochokera ku Wimbe, anapukuta diso lofiira la mwana ndi kathonje, n'kukatsekera m'kabotolo kopita kokayezetsa. Odwala maso pa esiteti anali atakwana khumi ndi awiri.

"Dzina la kachilomboka tidzalimva akayeza," anatero. "Ine ndikufuna njira imene kakudzera."

"Ndi a Patuma awa," anayankha kapitawo, akutikita diso lake. "Anayamba ndi mwana wawo. Mawa asamuke."

Patuma, tenanti watsopano, anangoyang'ana pansi.

Alangiziwo atawerenga maina a odwala, Ezelina, tenanti mnzake wa Patuma, anaona kuti onse anadzera m'manja mwake. M'chigafa choumitsira fodya, fumbi lake likamulowa munthu m'diso, amathamangira kwa iye. Iye amanyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kuchotsa chitsotsocho. Sabata yatha anachotsa cha mwana wa Patuma, ndipo chitenjecho sanachichape.

Anachimasula, n'kuchiika patebulo.

"Ikaninso ichi m'botolo mwanumo, achimwene."

"Sichingakwanemo, mayi."

"Dulani nsonga yokhayo. Ndipo inu akapitawo, diso lanulo ndinalipukuta ndine Lachiwiri. Ndiye mawa tisamuke angati?"