Chibangili cha pa Ng'anjo

"Mwachiduliranji, aEnoch? Ndinu akuba, ngakhale mumavala tayi!"

Goodson, wosula makasu wa ku Nabvutika, anatsomphola chibangili cha mkuwa m'manja mwa aEnoch, omwe anali aphunzitsi. Goodson ndiye anali atachifukula yekha pa ng'anjo yamakedzana kufupi ndi Tamanda, n'kuwabwereka kuti angochiona. Koma iwo anachekako kachidutswa n'kutumiza ku Lusaka, ati akapime ngati akale ankasakaniza mkuwa ndi zitsulo zina.

"Ndi sayansi, mphwanga," anatero aEnoch.

Goodson anawasasantha chibakera pakamwa, dzino n'kugwera pansi. Anavala chibangilicho, nakwera njinga kukachibwezera ku ng'anjo kuja usiku womwewo.

Atayandikira malowo, anamva mvukuto ukupuma m'thengo. Fuu, fuu. Ng'anjo ija, imene inazima agogo ake asanabadwe, inali psuu.

Chibangili chinatentha, n'kuyamba kumulowa m'mnofu. Khungu linanunkha ngati nyama yowamba. Dzanja lokhakhala linamugwira chakumbuyo, n'kukhazika mkono wake pamwala wosulirapo.

"Si ine ndinadula!" anakuwa Goodson. "Ine ndabwera kudzabweza!"

Nyundo inakwera m'mwamba. Mvukuto unaleka kupuma.

"Nanga anafukula ndani?" mawu anamunong'oneza m'khutu. "Yankha, wosula mnzathu."